Kalata Yoletsa Elinata Kupita ku Amereka

Mng'ono wanga Elinata anabwerako ku sukulu ndi madigiri atatu, onse a nsawa. Inde, nsawa zomwezi, zimene amayi athu alima moyo wawo wonse osadziwa ngakhale kulemba dzina lawo. Komabe chilungamo ndinene: kuno ku Zemba iye ndiye anatiphunzitsa kayanikidwe kopewa chuku, ndipo chiyambire pamenepo ogula a ku Chipata analeka kutibwezera matumba.

Zoti akufuna kusamukira ku Amereka tinazimvera kwa anthu kuchigayo. Amalume athu, a Wadson, omwe ndi wapampando wa bungwe la alimi, anamuitanitsa tsiku lomwelo.

"Wakulemba ntchito ndani kumeneko?" anamufunsa.

"Palibe, amalume. Pali njira ya anthu a luso lapadera. Safunsa za bwana. Umangowasonyeza kuti zimene umadziwazo dziko lawo lingapindule nazo."

"Ndiye ukaime pakhomo pa eni ake osaitanidwa, n'kumati nditsegulireni ndine wanzeru? Manyazi ulibe?"

Elinata anapempha kalata ya bungwe mopanda mantha. Akuti a kumeneko anamuyankha kuti mapepala a kuyunivesite okha sakukwanira, akufuna umboni wa alimi enieni amene akugwiritsa ntchito nzeru zakezo, ndipo anam'patsa masiku owerengeka. Popanda umboniwo, ulendo unali utafera pomwepo.

Amalume anakana. Ine Lonia, mlembi wa bungwe, wosunga chidindo, ndinakananso, ndipo ndinakana mokondwa. Amayi miyendo inafa kale; wowanyamula, wowasambitsa, ndikanatsala ndekha. Nsanje nayo inalipo, sindibisa. Ine sukulu ndinalekera panjira kuti iye apitirize, lero azikandiimbira foni atavala majasi?

Milungu itatu anayenda kwa ine, ine ndikumuyankha kuti chidindo chauma inki. Koma amalume kukana kokha sikunawakwanire. Ankaopa kuti apeza umboni kwina.

Kuno tili ndi njira yathu yogwirira munthu mwendo. Boma likafuna kusamutsa namwino kapena mphunzitsi amene timamufuna, timalemba kalata yofotokoza ubwino wake wonse, aliyense n'kudinda chala, n'kukaitula kuofesi. Namwino wa ku Pembamoyo tinamusunga choncho. Ahedi a ku Zingalume chimodzimodzi. Amalume anati azungu nawonso ndi anthu, akamva kulira kwathu amusiya.

Loweruka tinasonkhana pa shedi ya bungwe, Elinata osadziwa. Anthu anabwera atakwiya ngati akudzaweruza wakuba mbuzi. Aliyense ankaponyapo lake, ine ndikulemba m'Chingerezi changa cha fomu 2, chimene ndinachipukuta bwino tsiku limenelo. Tinalemba kuti kale pa matumba khumi alionse, anayi ankabwezedwa, lero palibe. Tinatchula midzi makumi awiri ndi itatu imene ikutsata njira yake. Tinalemba za alimi a ku Mozambiki amene amaoloka malire pa njinga kudzaonera. Amayi ena anaumirira kuti ndilembenso zoti ana awo analeka kudwaladwala m'mimba. Pomaliza amalume anati ndilembe m'zilembo zazikulu kuti munthu ameneyu musatitengere, wina wonga iye tilibe. Zala zinadindidwa mazana awiri ndi khumi, ndipo inki ya chidindo inapezeka.

Kalatayo tinailemba pawiri. Ina tinaitumiza pa basi ku ofesi ya kazembe wa Amereka ku Lusaka. Kumene inakathera sindikudziwa mpaka lero. Inzake, monga mwa mwambo wake, inayenera kupita kwa mwini nkhani, kuti asadzati tinamudya miseche. Amalume anamuponyera pamiyendo.

"Werenga. Tione ngati ndege yakoyo inyamuke."

Ndinkadikira kuti alalate. Iye anawerenga mpaka pansi, n'kuyambiranso pamwamba. Anaipinda bwinobwino n'kutuluka, ife n'kumati tamugonjetsa.

Patapita miyezi isanu anandipeza pakhonde ndikusenda nsawa. Anakhala pansi osandithandiza.

"Andivomera, asisi. Loya wanga akuti umboni ngati umene uja sanauonepo. Kalata yanu ija ndinaitumiza komweko, ndiyo yatsegula chitseko."

Ndinalekeza kusenda. "Ndiye unatipusitsa, eti? Watenga kulira kwathu n'kukagulitsa kwa azungu?"

"Sindinakupempheni kuti mulembe zimene zija. Ine ndinkangofuna mizere itatu ndi chidindo."

"Choka pamaso panga."

Sanachoke. Anatola nsawa imodzi n'kumaitembenuza m'manja.

"Zaka zisanu ndi zinayi ndagwira nanu ntchito. Pamsonkhano amalume amati mtsikanayu akhale pansi akulu alankhule. Inu mumanditcha dokotala wa makoko. Ndinkayesa kuti kuno ndine wongosowetsa anthu mtendere. Mukanandiuza pamaso panga ngakhale theka la zimene munalembera anthu osawadziwa, mafomu a ulendowu sindikanawakhudza n'komwe."

Ndinapitiriza kusenda.

Ananyamuka Lachiwiri m'mawa. Amalume anapita kudimba dala kuti asatsazikidwe. Ine ndinamuperekeza mpaka pa siteji ya ku Chadiza, njira yonse ndikukonza mumtima zoti ndimuuze, poti zonse za m'kalata zija zinali zoona ndipo zambiri zinali zanga. Basi italiza injini, iye anasuzumira kundiyang'ana, akudikira. Ndinamuuza kuti asatulutse mkono pawindo.