Masamba m'Thumba

Wometa tsitsi wina ankadziwika mumsewu monse. Mwana akakwera pampando wake akulira, ankatsika akuseka, chifukwa lumo ankalibisa m'dzanja mochenjera moti mwana ankazindikira mutu utayera kale. Koma kunyumba kwake kunali mwana mmodzi yemwe anamukanika. Kamtsikana kake, komwe onse ankakatchula kuti Kabwana, kakangoona masamba m'mbale kankatseka pakamwa kuti ndii, ngakhale munyengerere chotani.

Zinthu zinafika povuta tsiku lomwe Kabwana anakomoka kusukulu. Kuchipatala namwino anamutsegula chikope n'kupukusa mutu.

"Magazi achepa. Mankhwala ndikupatsani, koma mwanayu azidya masamba ndi zipatso. Akabweranso chonchi mwezi wamawa, timugoneka."

Mawu oti kumugoneka anamulasa wometa mumtima. Madzulo ake anafika patebulo asanavule n'komwe jekete lake loyera la kuntchito.

"Idya, mwanangu. Taona bambo akofe mmene tikuchitira."

Anatapa sipinachi, dzanja ulendo wa kukamwa, ndipo posakhalitsa mbale inayera. Kabwana anawayang'anitsitsa bambo akewo. Mawa lake mbale yake nayo inayera, mayi ake mpaka kuwomba m'manja.

Zinayenda bwino choncho mpaka tsiku lochapa. Wometa anali pakhonde akupukuta makina ake pomwe mkazi wake anatulukira, kudzanja lino jekete, kudzanja linalo diresi la Kabwana. Anatembenuza matumba onse. M'kati monse munali mobiriwira, ndipo fungo lake linali losachita kufunsa.

"Bambo a Kabwana, tandiuzani. Ine muno ndimaphikira anthu kapena matumba? Amati make mbuu mwana mbuu, koma nyumba ino mbuu wake ndinu."

Kunena zoona, wometa ankadana ndi masamba chibadwire, ndipo ankadalira dzanja lake lija kuti palibe angaone. Anaiwala kuti mwana wa wometa amakula akuyang'ana manja a bambo ake, osati pakamwa.

Anafuna kuseka koma zinakanika. Manyazi analipo, inde, koma chachikulu chinali mantha. Masiku onsewo iye akudzitama, mwana wake sanameze tsamba ngakhale limodzi, ndipo mwezi wa namwino unali ukutha. Kenako anayang'ana Kabwana akusewera pabwalo, timiyendo tangati timitengo.

Tsiku limenelo jekete analisiya pamsomali. Mkazi wake, posafuna kupusitsidwanso, anamuunjikira masamba m'mbale ngati akulipiritsa mlandu, n'kukhala pambali atapinda manja. Wometa anatapa supuni yodzaza, anaionetsa kwa mwana, n'kuiponya m'kamwa. Anatafuna. Nkhope inakwinyika, maso anafiira, mtsempha wa pakhosi unaima. Munthu wamkulu ndi ndevu zake, kulimbana ndi tsamba! Anameza, n'kutsegula pakamwa kuti onse aone.

"Ababa, mukulira?" anafunsa Kabwana.

"Ayi, ndikudya."

"Zikuwawa?"

"Kwambiri, mwanangu. Ine masamba sindiwakonda, ndipo ndimakunamiza. Koma ndidya mbale yonseyi, mawanso ndidya, bola iwe usakagone kuchipatala."

Anatapanso yachiwiri. Mkazi wake anatembenukira kukhoma, mapewa akugwedezeka.

Kabwana anayang'ana phiri la masamba lomwe linatsala, anayang'ananso nkhope ya bambo ake. Anatsika pampando wake, nazungulira tebulo supuni ili m'manja, n'kukwera pamiyendo pawo. Anakokera mbale ija kwa iye.

"Simumaliza nokha zimenezi, ababa," anatero, akutapa. "Bweretsani ndikuthandizeni."