Mipando Yobwereka

Pa mdadada wa nyumba za lendi uja ankamutchula kuti Asukulu, chifukwa tsiku limene ankalowa m'chipinda chake katoni inabooka pansi, mabuku a ku sekondale n'kumwazikira pakhonde anthu onse akuona. Dzinalo linamukanirira. Sankalikonda, koma ankavomera akamuitana.

Anali ndi mwana mmodzi wamwamuna, wa zaka zitatu, amene ankamutcha Timba popeza anabadwa wochepetsetsa. Bambo wa mwanayo anapita kutali kukafuna ntchito, kenako foni yake inangosiya kupezeka. Asukulu ankagwira ntchito pa saluni ya m'mbali mwa msewu waukulu, kusesa tsitsi, kuchapa matawulo ndi kutsuka mitu ya makasitomala. Mwini saluniyo ananeneratu kuti pamalo pake si posewerera ana. Choncho m'mawa uliwonse Asukulu ankamusiyira Timba buledi ndi kapu ya madzi, kubisa machesi ndi mpeni pamwamba pa chitseko, kukhoma loko, n'kuima panja khutu lili pathabwa mpaka kulira kuchepe. Masana ambulansi ikadutsa mumsewu ikulira, zala zake zinkauma m'mutu mwa kasitomala.

Tsiku lina kunamveka kuti amayi a m'deralo amene zinthu zikuwayendera, a mashopu, anesi ndi aphunzitsi opuma ntchito, asonkherana n'kutsegula malo kuseri kwa msika. Kumeneko ana amadya kawiri patsiku ndi kuphunzira, amayi awo akuphunzira kusoka m'chipinda china, ndipo womaliza maphunzirowo amapita ndi makina kwawo. Anali atatsala malo a banja limodzi basi. Pa mdadadawo analembetsa awiri: Asukulu ndi Make Mapasa a khomo loyandikana nalo. Amayi a komiti anati abwera Loweruka kudzaona mmene aliyense akukhalira.

Lachisanu madzulo Asukulu anaima pakati pa chipinda chake n'kuchiyang'ana ngati mlendo. Matiresi opyapyala pansi, mbaula, ndowa, katoni ya zovala, thumba la simenti lotchinga zenera. Nkhope inamutentha. Kwawo anakula akudziwa kuti mlendo sakhala pansi mwini nyumba ali moyo.

"Asukulu, odi kuno!" Make Mapasa analowa asanayankhidwe, maso akuyendayenda. "Iii, mwati mawa anthu aja mudzawakhazika pati? Pa ndowa?"

"Ndikolopa bwinobwino, amayi."

"Kukolopa! Aja ndi anthu a magalimoto, mwana wanga. Akapeza chonchi adzati mayi uyu ngakhale timupatse makina adzaunjikapo mbale zakuda. Amathandiza munthu woonetsa kuti amadzisamala. Dikirani."

Amuna a Make Mapasa anali dalaivala wa malole, ankaoneka mwa apo ndi apo koma sankabwera chimanjamanja. Inayamba kulowa mipando itatu ya makushoni. Kenako tebulo, kapeti, katani ya maluwa, makapu a dothi ndi thireyi yake. Asukulu anali munthu wa maso, ndipo anaona kuti katunduyo sakuleka kubwera, anaonanso kuti mayiyo akumwetulira mopitirira. Mtima unamuuza kanthu, koma mwaulemu anaukhazika chete.

"Nanga inuyo, amayi? Kwanunso akufikatu."

"Ine manyazi anandithera tsiku lobereka mapasa, anamwino onse akuonerera. Inu ndinu wa sukulu, musanyozeke. Tengani ndi iyi."

Inali TV. M'chipinda cha Asukulu magetsi anadulidwa kalekale, koma anaiika pakona n'kuifunditsa kansalu koluka.

Loweruka anadzuka kusanache. Anagula mkaka, shuga ndi majarini, zinthu zimene Timba anali ataiwala kukoma kwake. Anamusambitsa mwanayo, kumudzoza mafuta mpaka kuwala ngati botolo, n'kumuopseza kuti akakhudza buledi wa alendo aona.

Anabwera atatu: Amayi Apampando, omwe anali ndi shopu ya zitsulo mumsika, Anesi opuma ntchito a magalasi ochindikala, ndi mtsikana wina wojambula ndi foni. Asukulu anawalandira zikwama, anawathira madzi m'manja, anawatsirira tiyi.

"Koma ndiye muli pabwinotu," anatero Apampando akusisita khushoni. "Mipando iyi ndi yolimba."

"Zikomo, amayi."

"Mwananso akuoneka wa thanzi," anatero Anesi akutsina tsaya la Timba. "Taonani kuwala. Amaonera makatuni pa TV apa eti?"

Asukulu anangoseka pang'ono. Mtsikana uja anajambula katani, TV, mbale ya buledi wopaka majarini. Anamufunsa za ntchito, anayankha kuti ali pa saluni. Sananene kuti amasesa. Alendowo anamwa tiyi theka, kuthokoza kwambiri, n'kutuluka.

Khoma la pakati pa zipinda ziwirizo linali la njerwa imodzi. Asukulu akusonkhanitsa makapu anamva chitseko cha Make Mapasa chikutseguka, ndipo mawu a alendo anamveka mwachilendo, akuwomba m'makoma ngati m'nyumba yosamukamo anthu. Mapasa, amene masiku onse ankasokosera ndi kuseka, anali kulira onse awiri. Kenako anamva mawu a Make Mapasa, otsika, osweka, oti sanawamvepo chiyambire.

"Pepani amayi anga, mpando ndilibe. Wina akhale pa ndowapo. Madzi okha ndiwo ndingakupatseni."

Asukulu anatsala chiimire, thireyi ili m'manja. Timba anaona kuti mayi ake sakumuyang'ana, anatenga buledi wotsala n'kukadyera kuseri kwa mpando.

Sabata yotsatira mapasa anayamba kutuluka m'mawa atavala malaya ofanana a kumalo kuja, mayi awo ali pambuyo ndi tepi yoyezera nsalu m'khosi. Madzulo ake Asukulu ananyamula mpando umodzi n'kukauika pakhomo pawo.

"Ndabweza katundu wanu."

"Aaa, changu n'cha chiyani? Sungani kaye. Akuti amabweranso mwadzidzidzi kudzaona."

"Munandipusitsa, amayi."

"Ine?" Make Mapasa anadziguguda pachifuwa, akukweza mawu kuti a pa mpopi amve. "Tamvani anthuni! Ndamubwereka mipando, makapu, ndi TV yomwe, zikomo wake ndi ameneyu. Ndinakugwirani dzanja kuti munene kuti n'zanu? Sukulu yonse ija, Asukulu, sanakuphunzitseni kuti wopempha savala suti?"

A pa mpopi anaseka mpaka wina kutaya madzi. Asukulu anabwerera ndi mpando uja.

M'mawa mwake anapempha mwini saluni kuti achedweko, anabereka Timba n'kulunjika kuseri kwa msika. Pamalopo pankanunkhira phala la mkaka. M'chipinda china makina ankalira motsatizana, m'china ana ankaimba akuwomba m'manja. Timba anatsetsereka kumsana n'kukakamira pa chitseko cha ana, chala chili m'kamwa.

Apampando ndi Anesi anali mu ofesi yaing'ono yodzaza matumba a ufa ndi mabulangete. Asukulu anakhala m'mphepete mwa benchi nafotokoza zonse, mipando, katani, TV yopanda magetsi. Dzina la mwini katundu sanalitchule. Anangoti anabwereka kwa anthu.

Apampando anamuyang'ana m'maso. "Ndiye ukutiuza kuti unatinamiza m'nyumba mwako, ukutimwetsa tiyi?"

"Sindinafune kunama, amayi. Ndinkafuna kukulemekezani."

"Aliyense amene tamusiya akubwera ndi nkhani, mwana wanga. Dzana wina anati njinga yamoto imene tinaipeza pakhomo pake ndi ya anthu obwera ku maliro. Ndalama izi si za boma ayi, timachotsa m'matumba mwathu. Tikhulupirire ziti, zimene tinaona kapena zimene ukunena?"

Asukulu anaona kuti khomo likutsekeka. Anayang'ana Timba, amene tsopano anali kugwedeza mutu motsatira nyimbo, ndipo anatulutsa chimene sanauzepo munthu.

"Makina musandipatse, amayi. Mungomulandira mwanayu. Ndilibe womusiyira. Ndikamapita ku ntchito ndimamukhomera m'nyumba."

Anesi anatembenuza mpando wawo pang'onopang'ono.

"Umamukhomera? Yekha?"

"Ndimabisa machesi. Ndimamusiyira chakudya."

"Tsiku lonse? Mwana wa zaka zitatu, m'chipinda muli mbaula?" Anesi anatulutsa foni m'chikwama. "Apampando, iyi si nkhani yathunso. Lamulo limati tikamva zotere tidziwitse a zosamalira ana. Abwere amutenge kaye, akamusunge kumene kuli anthu, mayiyu akafotokoze bwino kumeneko."

Asukulu ankawadziwa ana otengedwa choncho. Wa mayi wina wogulitsa makala anatengedwa akukwawa, anabwerera akuthamanga, osawadziwanso amake. Chala cha Anesi chinali chikufufuza nambala.

"Ayi!" Mawuwo anatuluka mokweza mpaka makina a chipinda china anaima. Anawatsitsa. "Ayi, amayi. Ndanama. Ndimafuna mundimvere chisoni."

"Wanama ziti tsopano?"

"Zonse. Mwana amatsala ndi mng'ono wanga, tsiku lija anali atapita kumsika. Mipando ija ndi yanga."

"TV?"

"Yanganso."

Anesi anamuyang'anitsitsa nthawi yaitali pamwamba pa magalasi. Asukulu anadzikakamiza kumwetulira, milomo ikukana. Kenako foni ija inabwerera m'chikwama.

"Mwaonatu," anatero Apampando akupukusa mutu. "Mtsikana wophunzira bwinobwino, kufuna kulanda phala m'kamwa mwa ana ovutika. Ukanaona m'nyumba mwa mnzako uja wa mapasa ukanalira. Ngakhale supuni alibe." Anapumira m'mwamba, nkhope n'kufewa. "Koma sitikuthamangitsa ayi. Kulakwa n'kwa munthu. Ife timati amene Mulungu wamupatsako pang'ono agawireko mnzake, ndi mmene malo ano anayambira. Iwe uli pa ntchito. Paketi ya shuga ndi sopo mwezi uliwonse zingakuvute?"

"Sizingandivute, amayi."

"Eya, ndiye mawu amenewo. Tiye ukawaone amene uziwathandiza."

Anamugwira dzanja n'kupita naye m'chipinda cha makina. Amayi onse anadzutsa mitu. Make Mapasa anali pafupi ndi zenera, ulusi uli pakamwa.

"Amayi, tapeza mnzathu wina wa mtima wabwino," analengeza Apampando. "Wamng'ono chonchi, koma wadzipereka kuti azitithandiza mwezi ndi mwezi. Tamuwombereni m'manja."

Anawomba. Make Mapasa anawomba kuposa onse, mpaka kuimirira.

"Ambuye akudalitseni, abwana," anatero. "Ife osaukafe tikanatani popanda inu?"

Belu la phala linalira. Ana anatuluka pamzere, aliyense ndi kapu yake, ndipo Timba analowa pamzerepo kumapeto, manja ali m'mwamba kudikira kapu. Asukulu anapita kukamunyamula. Mwanayo anakakamira chitseko ndi zala zonse, ndipo anachita kumumasula chala chimodzichimodzi, akumwetulirabe, chifukwa Anesi anali pakhomo la ofesi akuyang'ana.