Jaji Wokana Mpunga

"Bwana, inu ndinu munthu wouma mtima! Munamva kuti kuti munthu wamkulu amabweza mphatso ya mwana?"

Sellina anaponya thumba la mpunga wa Kilombero patebulo la kukhitchini. Kalata yake inali idakali yomata pamwamba pa thumbalo monga anaisiyira dzulo lake. Masiki yake yodzitetezera ku mliri inali itatsetserekera kuchibwano chifukwa cha ukali. Kunja dzuwa la February linkawotcha Joondalup yense, dera la mumzinda wa Perth kutsidya kwa nyanja, koma thukuta la Sellina silinali la dzuwa.

A Brown Chilinda anatsitsa kapu ya tiyi pang'onopang'ono. Anali jaji wa khoti la fedulo, mmodzi mwa aja amakhala atatuatatu kumva milandu ya apilo. Kwa miyezi isanu ndi umodzi Sellina ankabwera m'nyumbamo m'mawa uliwonse kudzasamalira akazi awo, mayi Susan, mzungu amene anafa ziwalo mbali imodzi. Miyezi yonseyo bamboyo anali asanamuyankhulepo Chichewa, ngakhale "zikomo" weniweniyu.

"Masiki," anatero a Chilinda m'Chingerezi, akuloza kuchibwano.

Sellina anaikokera kumphuno n'kupitiriza pomwe anasiyira. "Mpunga uwu ndinauyendera mashopu atatu ku Mirrabooka. Ndakupezerani ulemu, inu n'kuuika pakhomo ngati zinyalala. Kalata osatsegula n'komwe!"

Chomwe chinkamuwotcha mtima chinali chinkhoswe cha mchimwene wake, Sekani, chimene chinayenera kuchitika Loweruka. Chinali chitalephereka kale kawiri chifukwa cha mliri. Ulendo uno malume awo, a Patson, anali atakonzeka kubwera kuchokera ku Ntcheu, koma boma linalengeza kuti malire omwe amati atsegula akhalabe otseka. Azakhali a mkwatibwi, mayi Annastazia, ananena poyera kuti iwo mwana wawo Connie sangamupereke kwa munthu wa pafoni. Nkhoswe imafunika kukhala ndi miyendo, anatero, ndipo chikalephereka kachitatu, akwawo kumudzi aona kuti mnyamatayo ndi wamasewera. Sellina anafufuza Perth yense munthu wamkulu wa mfunda wawo wa Mbewe woti akhale nkhoswe m'malo mwa a Patson. Anamupeza pakhoma la pabalaza pomwe ankagwira ntchitopo, pa satifiketi yakale yasukulu: Brown Chilinda Mbewe.

"Khala pansi, Nambewe."

Sellina anatembenuka kuyang'ana kukhomo, poganiza kuti mwalowa munthu wina. Chinali Chichewa cholemera, cha kwawo kwenikweni, chonga cha agogo ake.

"Kani mumatha?"

"Ndati khala pansi. Mchimwene wakoyo ali ndi mlandu kukhoti? Za viza kapena za ntchito?"

"Alibe! Ndi nkhani ya chinkhoswe basi."

"Ndikanadziwa bwanji ndisanatsegule? Ndipo ndikanatsegula n'kupeza kuti mlandu ulimo, ndikanauiwala bwanji?"

Sellina anakhala, koma pamphepete pa mpando, ngati munthu woti anyamukanso.

A Chilinda anafotokoza kuti atangokhala jaji kumene ankapita kulikonse kumene Amalawi asonkhana. Tsiku lina pamaliro ku Mirrabooka mayi wina anagwada pamaso pawo ndi mbale ya nkhuku. Iwo anadya. Ali mkati mokukuta fupa, mayi uja anayamba kulira za mwana wake amene anali m'manja mwa a zolowa ndi kutuluka, kudikira apilo yake.

"Lolemba lake ndikutsegula mafayilo, dzina loyamba ndi la mwana yemweyo. Ndinawauza anzanga awiri kuti ine ndadya nkhuku ya amake, sindingamve mlanduwu. Kuti apeze jaji wina ndi tsiku lina panatha miyezi isanu ndi itatu. Mnyamatayo anawina, koma miyezi imeneyo anaikhala m'chitokosi chifukwa cha ntchafu imodzi ya nkhuku. Kuyambira pamenepo, zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu tsopano, sindilandira kanthu, sindipita paliponse, ndipo Mmalawi ndimamuyankhula m'chiyankhulo cha kukhoti."

Koma mtima wa Sellina sunali woti ungazizire ndi nkhani imodzi.

"Ndiye chifukwa cha mayi mmodzi tonse tinapezeka olakwa? Zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu mwatipatsa chilango musanatimve mbali yathu. Ana abadwa, anthu amwalira, inu zii. Kukhoti kwanuko chimenecho mumachitcha chilungamo?"

Mayi Susan, amene anali pa njinga yawo ya olumala pafupi ndi zenera, sankamva Chichewa chambiri, koma nkhope ya amuna awo ankaiwerenga bwino. Anaseka mpaka kutsokomola.

"Brown, kaya wanena chiyani mtsikanayu, koma wakugonjetsa," anatero m'Chingerezi.

A Chilinda sanaseke. "Lachisanu ndikukwanitsa zaka makumi asanu ndi awiri. Lamulo la dziko lino limati jaji akafika pamenepo atsike pampando. Kufikira tsiku limenelo pakamwa panga si panga. Tenga mpunga wako."

"Ndiye mwavomera kapena mwakana?"

"Ndati tenga mpunga wako."

Masiku atatu otsatirawo Sellina anagwira ntchito mano ali gwa. Sekani ankaimba foni kawiri pa tsiku kufunsa ngati auze anthu kuti asabwere. Iye ankangoti adikire, osadziwa chomwe akudikira.

Lachisanu mayi Susan anamuuza kuti awaperekeze kukhoti m'tauni, ku mwambo wotsanzikana ndi amuna awo. "Ndipo thumba lija uliike kumbuyo kwa galimoto," anatero. "Usandifunse."

M'khotimo munali anthu ochepa, mipando yotalikirana, ena ambiri akuonera pa makompyuta. Sellina anaima kumbuyo kwa njinga ya mayi Susan, nkhope ili yokwinya, atatsimikiza kuti saombera m'manja aliyense. Maloya anayamba kuimirira mmodzimmodzi. Ananena za mnyamata amene anafika ku Perth m'chaka cha 1974 ndi jekete limodzi, natsuka mbale m'malesitilanti kwinaku akuphunzira zamalamulo. Ananena za zaka zomwe anakhala mu kaofesi kakang'ono ku Rockingham, kuimira anthu ovulala m'mafakitale a ku Kwinana amene maloya ena sankawayang'ana kawiri. Jaji wina wamkazi anati pa milandu ya apilo a Chilinda anali munthu wotopetsa kukhala naye, chifukwa anzawo awiri akagwirizana, iwo ankabwerera kukawerenganso fayilo kuyambira tsamba loyamba.

"Tsiku lina tinakana apilo ya mayi wina wokolopa m'maofesi amene anachotsedwa ntchito osafunsidwa mbali yake," anatero jajiyo. "Ife awiri tinati lamulo silimuteteza. Brown analemba yekha masamba makumi anayi kutitsutsa. Khoti lalikulu kuposa lathu linadzati wolondola ndi iye. Mpaka lero sindinamukhululukire."

Anthu anaseka. Sellina anazindikira kuti manja ake akuomba okha, ndipo zinamukwiyitsa.

Pamalo oimika magalimoto a Chilinda anavula tayi n'kuipinda m'thumba. Anapuma mpweya wautali, ngati munthu amene watula mtolo wa nkhuni.

"Nambewe, uli ndi mawu ndi ine?"

Sellina anathamangira kumbuyo kwa galimoto. Anagwada pa phula lotentha, thumba lili m'manja awiri. Azungu odutsa ankacheuka, iye analibe nazo ntchito. A Chilinda analandira mpungawo, n'kuununkhiza kudzera m'masiki momwemo, kenako anang'amba envulopu ndi kuwerenga kalata yonse, mzere ndi mzere.

"Unkhoswe? Ine amene ndinakwatira ku ofesi ya boma, mboni zake zochita kupempha pakhonde?"

"Chibale ndi fupa, amalume, sichiola. Komanso mawondo anga akupsa."

"Dzuka. Ndavomera. Koma undiphunzitse, chinkhoswe chomaliza ndinachiona ndili ndi kabudula."

Loweruka masana holo ya ku Mirrabooka inali itadzaza mpaka pomwe malamulo a mliri ankalolera. Manesi anabwera ena atangoweruka, ophunzira a ku yunivesite atavala malaya a chitenje, ana akuthamangathamanga n'kumayankha makolo awo m'Chingerezi. A Chilinda atalowa, atanyamula khasu ndi nkhwangwa zatsopano, phokoso linatha ngati wina wazima wailesi.

Mayi Annastazia, nesi wamkulu wa mawu ngati belu, anaimirira manja ali m'chiuno.

"Tikuona ndani ife? Si bwana aja amatidutsa mushopu ngati ndife mashelefu?"

"Ndine ndemwe, mayi," anayankha a Chilinda.

"Mwabwera kudzaweruza ndani?"

"Ndabwera kudzapempha. Mphwanga waona nkhuku pakhomo panu."

Azimayi ena analulutira, koma mayi Annastazia anakweza dzanja. Anati ayambe amva kwa eni mbumba. Sellina anakweza foni m'mwamba, ndipo nkhope ya a Patson inaoneka kuchokera ku Ntcheu, ili pafupi kwambiri moti inkaoneka mphuno yokha. Anafunsa mudzi wa a Chilinda, dzina la amayi awo ndi la agogo awo. Atamva dzina la agogowo anakuwa mpaka foni inanjenjemera.

"Aja ankapanga mipando ku Bilira? Agogo anga ankawatcha achimwene! Achimwene, gwirani ntchito, ana ndi anu amenewo!"

Ndiye anatulutsa atsikana atatu ofundidwa zitenje kuyambira kumutu mpaka kumapazi, kuti akuchimuna aloze wawo. Sekani anafuna kunong'oneza, koma a Chilinda anamuletsa, amvekere umboni aupima okha. Anazungulira atatuwo manja ali kumbuyo, anayang'ana nsapato, anayang'ana msinkhu, n'kuloza wapakati motsimikiza. Chitenje chitachotsedwa munatuluka mayi Khadija, a ana anayi, akugubuduka ndi phwete.

Holo yonse inaphulika.

"Ndikuchita apilo!" anakuwa a Chilinda.

"Kuno kulibe apilo, bambo, fupani!" anayankha mayi Annastazia. "Tsabola wakale sawawa!"

Anafupa, n'kulozanso, n'kulakwanso. Wachitatu anali Connie, akuseka misozi ili mbwembwembwe, ndipo Sekani anamugwira dzanja ngati akuopa kuti amufunditsanso.

Kenako inafika nthawi ya nkhuku. Akuchimuna anabweretsa tambala wootcha, akuchikazi thadzi. Mayi Annastazia ananyamula mbale ya thadzi, koma sanaipereke msanga. Mawu awo anatsika, nthabwala zonse zitatha.

"Bambo Chilinda, unkhoswe si suti ya tsiku limodzi. Ana awa akadzakangana, tidzagogoda kwanu. Mwana akadzadwala, maliro akadzagwa, ndi inu. Ngati chitseko chanu chikhale chotseka ngati kale, musaikhudze nkhukuyi. Bola chilephereke lero kusiyana ndi kuti mwana wanga akhale ndi nkhoswe ya pachithunzi."

A Chilinda anayang'ana mbaleyo nthawi yaitali, ndipo Sellina yekha ndi mayi Susan ndi amene ankadziwa chimene akuona m'menemo. Kenako mkuluyo anachotsa masiki, anaipinda bwinobwino, anabenthula ntchafu n'kuiluma.

"Yalowa mchere bwino," anatero, pakamwa pali todzaza. "Nyumba yanga ili ku Joondalup. Belu ndi lowonongeka, muzigogoda mwamphamvu."

Nthungululu zake zinamveka mpaka kumsewu. Mayi Annastazia analuma tambala, nyimbo zinayamba, ndipo mayi Susan ankaomba dzanja lawo lamoyolo pa njinga. A Chilinda anavina mavinidwe a anthu a kale, mapewa okhaokha, ana akuwatsanzira kumbuyo.

Sellina anavina mpaka nsapato zinamupweteka. Anapita kukakhala pafupi ndi khomo, pomwe panaima mnyamata wamtali wa magalasi atanyamula kachikwama ka m'manja ka Sellina. Asanapume n'komwe, a Chilinda anatulukira akupukuta mafuta a nkhuku kuzala.

"Nambewe."

"Wawa, amalume. Mwaona? Ndinakuuzani ine."

"Unandiuza. Tsono popeza ndine malume ako, pali nkhani. Bambo awa ndi ndani?"

"Awa? Ndi a Tuntufye, amapanga kafukufuku ku yunivesite. Timangopemphera limodzi."

"Mumangopemphera limodzi. Chikwama chako achinyamula kuyambira nthawi ya nkhomaliro. Makiyi a galimoto yako ndawaona akutuluka m'thumba la buluku lawo. Ndipo pamene unapsa mtima ndi woimba nyimbo uja, anakugwira paphewa iwe n'kukhala chete, chinthu chimene ine chinandikanika m'nyumba mwanga momwe."

Tuntufye anayang'ana kudenga. Mayi Annastazia anali atafika kale kumbuyo, ndi Connie, ndi Sekani, onse makutu ali tcheru.

"Amalume, si pano pokambira zimenezo…"

"Pano pomwe. Khasu ndi nkhwangwa ndadziwa kogula, ndipo masiku ano ndilibe kopita m'mawa. Mnyamatayu akwawo abwera liti kudzandiona? Usayang'ane pansi, Nambewe. Ndiyankhe!"