Chivomezi cha Lachisanu Loyera

Levison anaponda kabokosi kokalipitsa mawu, nakwapula nsambo ziwiri zonenepa za gitala. Holo ya parishi inanjenjemera. Kangaude amene anali pazenera anathawira m'ngodya, ndipo fumbi linatsika pang'onopang'ono kuchokera kumalata.

"Basi, basi, ungagwetse holo ya eni!" anakuwa Anselmo, wokonza mawailesi wa pamsika, ali chigwadire kuseli kwa bokosi la sipika. "Imeneyo ndi yoyamba. Uisunge m'khutu, ndiike inzake."

Linali Lachitatu la Sabata Loyera, dzuwa litapendeka. Chaka chilichonse pa Lachisanu Loyera akhristu a parishiyi amayenda Njira ya Mtanda kukwera kaphiri ka kuseli kwa tchalitchi, achinyamata akuchita sewero la masautso a Ambuye. Tsikulo belu sililira, ng'oma sigundidwa. Koma Bambo Mfumu analola chinthu chimodzi chokha: Yesu akaweramitsa mutu pamtanda, pamveke chivomezi. Chivomezicho chinali gitala ya Levison. Kwa zaka zisanu ndi zitatu iye ndiye ankagwedeza phirilo, atabisala kuseli kwa thanthwe ndi ampulifaya ndi batire. Chaka chino makoswe anabowola pepala la sipika yakale mosungira katundu, ndiye Anselmo anakapeza masipika awiri ogwirapo kale ntchito kuti asankhepo imodzi.

"Yoyamba ija ndi nkhunzi," anatero Anselmo akumanga mawaya. "Maginito ake ngati mphika, mawu ake amachokera m'mimba. Iyi ndi galu, imaluma pamwamba, imafika patali. Koma tamvera, aise. Imodzi mwa izi ili ndi kachilema. Ikatentha ndimamva kakuti tsrrr, pansipansi. Dzana ndimati ndi nkhunzi, dzulo ndimati ndi galu, lero ndikuti mwina ndi malata. Yachilemayo ukakaikweza mpaka kumapeto paphiri paja, idzalira ngati mbuzi yotsamwa chitsononkho. Tangoganiza: Ambuye akutsirizika, amayi agwada, ana n'kuphulika nako kuseka."

Levison sanaseke. Anakwapulanso nsambo.

Holo inanjenjemera ngati poyamba paja. Anamva kugunda m'chifuwa ndi m'mapazi. Koma m'makutu mwake nkhunzi ndi galu zinali chinthu chimodzi, mkokomo wakutali ngati wa mtsinje umene uli kuseli kwa phiri. Pamwamba pa mkokomowo pankalira nyenje yake yosaoneka, yomveka kwa iye yekha, imene inalowa m'khutu lamanzere chaka chatha, n'kusamukiranso kumanja mvula itayamba.

"Wamva?" anafunsa Anselmo.

Levison anayang'ana nkhope ya mnzake, kufuna kubapo yankho. Anselmo anangotukula nsidze, kudikira.

"Bwezera yoyamba ija."

Anabwezera. Anasinthanso. Kanayi konse.

"Iwe, zala zanga zatha ndi masikuluwa," anadandaula Anselmo. "Parishi yonse imati khutu la Levison limamva nyerere ikatsokomola. Lero latani?"

"Magetsi achepa mphamvu," ananama Levison. "Tiyesenso mawa."

"Mawa ndiye mawadi. Ukudziwa kuti Misa ya madzulo ikadutsa, palibe choliza mpaka Pasaka."

Levison anatuluka mu holomo. Panjira chimanga chinali chitakhwima, ngayaye zikugwedezeka popanda phokoso. Anaona mbalame ikutsegula mlomo pamtengo wa pichesi, koma nyimbo yake sinamufike. Mwadzidzidzi njinga yamoto inamudutsa pafupi kwambiri mpaka mphepo yake inamukupiza malaya. Woyendetsayo anacheuka, pakamwa pakutukwana. Hutala anaimba ndithu. Levison sanaimve.

Anaima m'mbali mwa njira, nakumbukira bambo ake.

A Dziwani anagwira ntchito pachigayo zaka makumi atatu, chigayo chomwecho chimene Levison wakhala akuyendetsa kwa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Makutu awo anatseka pang'onopang'ono, monga chitsime chimaphwera. Anthu anayamba kuwalankhula mokuwa, kenako ndi manja, kenako analeka kuwalankhula. Pamaliro ndi pamilandu ankangokhala kumapeto kwa benchi, akumwetulira pamene ena akwiya. Tsiku lina m'mawa wa nkhungu akudutsa msewu waukulu wa ku Lilongwe, lole ya mbatata ya kachewere inaimba hutala katatu. Aliyense pamsika anaimva kupatula iwo. Chakudza sichiimba ng'oma, anatero anthu pamaliro. Levison ankadziwa kuti ng'omayo inaimbidwa, koma panalibe khutu loilandira.

Atafika kunyumba anapeza mkazi wake Magadalena akusita nsalu yoyera ya paguwa. Mkaziyo anamukhudza pachigongono kaye, natembenuza nkhope yake yonse kwa iye.

"Mwasankha iti, bambo a Tadala?"

"Tisankha mawa."

Magadalena anamuyang'ana kanthawi, nabwerera ku nsalu yake. Popemphera madzulo Levison anatsogolera monga mwa masiku onse, koma atafika popereka zopempha sanatchule chopempha chake chenicheni. Mumtima ankangoti: Ambuye, mabelu anu amakhala chete masiku awiri okha, n'kuliranso. Anga akakhala chete, adzaliranso liti?

Lachinayi anatseka chigayo masana. Anasamba, koma ufa sunachoke m'nsidze. Magadalena ananyamula nsalu ija ndi maluwa mu ndowa, nati apitire limodzi. Atafika pamsewu, mkaziyo anazungulira mwakachetechete n'kuyenda mbali ya magalimoto. Levison anaona. Anazindikira kuti si lero lokha. Kuyambira Khirisimasi Magadalena ankayenda mbali imeneyo. Kutchalitchi ankamutsina pang'ono nthawi yoimirira ikakwana. Foni yake inkapezeka m'thumba la malaya, pamtima, itatcheredwa kuti izinjenjemera, ndipo iye sanakumbuke kuti anaitchera choncho.

Anapitiriza kuyenda, maso ali pansi.

Mu holo Anselmo anali atayala kale zida. Pofuna kupulumutsa zala zake, anabwereka bokosi lachiwiri, ndiye nkhunzi ndi galu zinaima moyandikana, waya umodzi wongosintha.

"Lero magetsi ndi a batire, odzadza bwino," anatero. "Usandiuzenso za mphamvu. Alamu, khalani pamenepo mukhale mboni, amuna anuwa ayamba matama ngati woimba wa pa wailesi."

Magadalena anaika ndowa pansi nakhala pabenchi.

Levison analiza nkhunzi mpaka inatentha. Analiza galu mpaka anatentha. Mtsinje womwe uja kuseli kwa phiri lomwe lija. Nyenje inakuwa.

Akanatha kungoloza. Masipika ndi awiri okha; mwina akanalasa. Anselmo akanavomera, pakuti ndani amatsutsa khutu la Levison? Anakweza dzanja, chala chikulunjika kwa galu. Pamenepo anaona m'maganizo mwake anthu mazana atagwada pa udzu wonyowa, mayi wina wokalamba akupukuta misozi, kenako mbuzi yotsamwa ikulira pamwamba pa mtanda. Ndipo choopsa koposa: iye kuseli kwa thanthwe akupitiriza kukwapula nsambo, osadziwa kuti phiri lonse likuseka.

Chala chinatsika.

Magadalena anadzuka, namukhudza pachigongono.

"Bambo a Tadala," anatero momveka bwino, nkhope ili kwa iye, "apongozi aja ankadziwa bwanji kuti chitsulo cha chigayo chayamba kudyana m'kati?"

Panalibe munthu wamkulu m'dera lonselo amene sankadziwa. A Dziwani ankatenga sipanala, mbali ina n'kugunditsa pa chigayo chikuyenda, mbali ina n'kuluma ndi mano. Ana ankawayerekeza poseweretsa timitengo. Kuluma chitsulo kunali chizindikiro cha gonthi wa kuchigayo. Kuchita zimenezo pamaso pa Anselmo kunali kunena zonse popanda mawu.

Anayang'ana mkazi wake. M'maso mwake munalibe chisoni chomunyozetsa. Munali kudikira chabe, ngati kwa munthu amene wagwira chitseko kuti mnzake adutse ndi katundu.

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Levison anavula lamba wa gitala naipereka kwa Anselmo.

"Gwira. Uzikwapula ziwiri zonenepazi, osaleka. Undipatse sikuludiraiva yaitali ija."

"Ine? Gitala? Ufuna Ambuye aukenso msanga ndi mantha?"

"Kwapula, Anselmo."

Anagwada patsogolo pa galu. Anagunditsa nsonga ya sikuludiraiva pa mkombero wachitsulo wa sipikayo, naluma chogwirira. Anatseka maso. Mkokomo unalowa m'mano, unakwera m'nsagwada, unadzaza mutu wonse. Unali waukali, wowala. Koma m'kati mwake munali kena kake: kamchenga, kokhula, kobwera ndi kupita, ngati kamwala kamene kalowa m'chigayo pamodzi ndi chimanga.

Anakweza dzanja. Anselmo anasintha waya. Levison anasunthira kwa nkhunzi, nalumanso. Uku mkokomo unali wolemera, wosalala ngati ufa wa pa sefa yatsopano. Anadikira nthawi yaitali, kufunafuna kamchenga kaja. Kunalibe.

Anachotsa sikuludiraiva pakamwa napukuta malovu.

"Galu ndiye wodwala. Koyilo ya m'kati mwake ikukhula mbali imodzi. Timange nkhunzi."

Gitala inali lende pamimba pa Anselmo. Ankayang'ana mano a Levison amene anadinda pa chogwirira.

"Kuyambira liti?" anafunsa.

Levison anaona milomo yokha, koma anazindikira funsolo.

"Chaka chatha. Lamanzere latsala pang'ono kutheratu. Lamanja likutsatira."

Anselmo anakanda m'mutu. Anavula gitala mosamala, naitsamiritsa kukhoma. Kenako anabwera kudzaima kumanja kwa mnzake, pafupi.

"Ndiye chaka chonsechi ndakhala ndikukunena kumbali yamanzere, mawu anga onse abwinobwino aja n'kumangotayika? Iwe ndiwe mfiti. Ndiyambiranso, uzimve bwino."

Levison anafuna kuseka, koma chimene chinatuluka sichinali kuseka kwenikweni. Magadalena anawerama n'kuyamba kukonza maluwa amene anali okonzeka kale.

"Paphiri ndikakhala nawe kuseli kwa thanthwe," anapitiriza Anselmo. "Wowerenga nkhani ya masautso uja amalankhulira m'kholingo, ngakhale ine sindimumva. Nthawi ikakwana ndikakumenya paphewa."

"Ndipo Lachiwiri tikupita kuchipatala akakuoneni," anatero Magadalena. "Thonje lotsekera m'makutu kuchigayo ndagula kale. Lili m'chikwama chanu kuyambira sabata yatha, simunalione."

Madzulo amenewo pa Misa, poimba Ulemu kwa Mulungu, mabelu onse analira kotsiriza. Levison anaona dzanja la wotumikira likugwedeza kabelu, koma kulira kwake kunamufika ngati kachitsulo kogwera m'chitsime. Mantha anabweranso. Manthawo sanachoke. Anangosendera pang'ono, ngati munthu wopereka malo pabenchi.

Lachisanu nkhungu inachedwa kuchoka. Pofika 3 koloko khamu linali litafika pamwamba pa kaphiri, mawondo ali matope. Levison anakhala kuseli kwa thanthwe, gitala pamiyendo, nkhunzi itayang'ana kuchigwa. Anavula nsapato naponda pansi ndi mapazi osavala. Pampata wa miyala ankaona mnyamata wopachikidwa uja, nthiti zikukwera ndi kutsika chifukwa cha kuzizira. Ankaona milomo ya wowerenga ikuyenda. Dziko lonse linali chete, chete amene iye ankamuopa.

Mutu wa pamtanda unawerama. Dzanja la Anselmo linagwa paphewa lake.

Anaponda kabokosi, nakwapula.

Nthaka inayankha m'mapazi mwake. Thanthwe linanjenjemera pamsana pake. Akhwangwala anabalalika kuchoka m'mitengo ya paini, ndipo anthu mazana aja anagwa nkhope pansi ngati chimanga chogwetsedwa ndi mphepo. Levison anasuzumira nkhope za ana amene anali kutsogolo. Panalibe woseka. Kamtsikana kena kanabisa mutu m'chitenje cha amayi ake.

Anagwira nsambo ndi chikhatho, chivomezi chinatha.

Potsika phiri anthu sankalankhula, monga mwa mwambo wa tsikulo, ndipo kwa kanthawi Levison anali wofanana ndi wina aliyense. Anselmo anasenza nkhunzi pamutu. Atafika pamsewu waukulu, Levison anaima. Anayang'ana kumanja, anayang'ana kumanzere, anayang'ananso kumanja. Magadalena anazungulira n'kuima mbali ya magalimoto. Ulendo uno sanachite mobisa, ndipo mwamuna wake anamupatsa chigongono.