Thanga Limene Anasoka Edness

Aliyense wobadwira m'mbali mwa Lunsemfwa, kumunsi kwa Shikabeta, amadziwa kuti ukamayandikira dziwe la mvuu umagogoda bwato ndi nkhafi. Go, go, go, katatu, kenako n'kudikira. Mawu a munthu salowa pansi pa madzi, koma kugogoda kumalowa. Mvuu ikamva imatulutsa mutu, imakuona, iwenso n'kuiona, ndipo aliyense amadzera kwake. Imene imapha munthu ndi mvuu yodzidzimutsidwa. Edness anazidziwa zimenezi asanayambe n'komwe kusenza ndowa, ndipo amene anamuphunzitsa anali mlongo wake wamkulu Oswell, msodzi wa mkamwa mowawa amene anamulera makolo awo atamwalira.

Mwamuna wa Edness, Mordecai, sanali wa kumtsinje. Anali mkamwini wochokera ku Petauke, ndipo mwana wawo Fridah akuyamba kukwawa, bamboyo anakwera sitima n'kupita ku Dar es Salaam, ati kukafuna ntchito. Zaka zisanu ndi ziwiri, abale, kalata imodzi yokha! Anabwerera mu 1993 ndi sutikesi yong'ambika chogwirira, chipewa choyera ndi pakamwa. Tsiku lililonse ankasimba za ngalawa za matanga zimene ankayendamo m'mbali mwa nyanja ya mchere, atanyamula makala ndi kokonati, mphepo ikugwira ntchito yonse anthu atangokhala. Khasu ankaligwira ngati likumuotcha.

Oswell ndiye anali mwini mbumba, ndipo sankadziwa kunong'ona. Ananena pabwalo, akazi akupeta, kuti mlamu wakeyo akapanda kuonetsa ntchito mvula isanagwe, iye adzatenga kasutikesi kaja n'kukaika yekha pa mphambano ya njira ya ku Rufunsa, ukwati n'kuthera pomwepo. Edness anamva ali m'khitchini ndipo mtima unamuwawa koopsa. Munthu uja ankamukonda. Musandifunse chimene anamuona, ine sindikudziwa, koma anamudikira zaka zonsezo akukana amuna a ng'ombe, ndiye kuti amuchotsedwenso kachiwiri sankafuna n'kumva komwe.

Choncho Mordecai atanena kuti akhoza kuika thanga pa bwato, Edness ndiye anayamba kukhulupirira. Nsomba zouma za Oswell zinkachoka ku msasa wake wa kumunsi kupita ku doko la ku Shikabeta, kumene anthu a njinga ankazitenga kupita nazo ku msewu waukulu. Kupalasa molimbana ndi madzi kunkatenga masiku awiri, mapewa akuyaka moto. Mordecai anati mphepo ya mu Ogasiti imaomba molowera kumtunda, ndipo ndi thanga nsombazo zikhoza kufika tsiku lomwelo dzuwa lisanapendeke. Oswell anaseka mpaka kutsokomola. Kenako anamupatsa bwato lakale la mbawa limene linang'aluka m'mbali, n'kulonjeza kuti nsomba zikakafika tsiku lomwelo, zouma bwinobwino, za sutikesi sadzazitchulanso.

Mordecai anamata mng'alu uja ndi nsanza ndi phula. Anamanga nsungwi zazikulu uku ndi uku kuti bwato lisapendekeke, n'kuimika mlongoti pakati. Thanga anasoka ndi Edness, ndi masaka khumi ndi awiri a chimanga chachikasu chija anthu analandira chaka cha chilala. Milungu itatu ali ndi singano ya masaka, zala zikutuluka magazi, anzake akumufunsa ngati akusoka diresi la njovu. Iye ankadziwa kuti akusoka ukwati wake.

Ananyamuka m'mawa atatuwo, mitolo ya nsomba itadzaza pakati. Chiyambi chake chinali chamanyazi. Mphepo itangowomba, nsungwi ya pansi pa thanga inazungulira n'kumuwomba Oswell pakhutu, phwa, mpaka anaona nyenyezi masana. Asanathe kutukwana, bwato linatitimira pa mchenga, ndipo onse anatsika kukankha madzi ali m'chiuno, Oswell akutchula makolo onse a ku Petauke mmodzimmodzi. Edness ankangoyang'ana pansi.

Koma atatuluka pa mchengapo, mphepo inalowa m'masaka muja bwinobwino. Thanga linafufuma, zingwe zinalira, ndipo bwato linayamba kukwera mtsinje lokha, popanda wopalasa. Inu, chinali chinthu chokoma! Bango linkathamangira kumbuyo, asodzi a m'mphepete akuimirira kukamwa yasa. Mordecai anali kumbuyo, nkhafi yowongolera m'khwapa, chipewa choyera chili pambali, ndipo kwa nthawi yoyamba chibwerere ankaoneka ngati mwamuna wodziwa chimene akuchita. Edness anali pakati ndi mbale yachitsulo yokapira madzi, akuseka yekha. Ngakhale Oswell anasiya kulankhula, ndipo kwa Oswell kumeneko kunali kuyamika.

Dzuwa litafika pamutu anayandikira dziwe la Kamwala, pamene mtsinje umakhota n'kuzama. Oswell anatenga nkhafi yake monga ankachitira moyo wake wonse, n'kugogoda m'mbali mwa bwato. Kamodzi kokha. Phula lija linasweka, ndipo madzi anayamba kulowa pang'onopang'ono pafupi ndi mitolo ya nsomba.

Mordecai anakuwa kuti asiye, akuswa bwato. Oswell anati pano m'pa Kamwala, ndipo anagogodanso. Mng'alu unakula. Mordecai anaganiza kuti mlamu wake akuchita dala, kuti nsomba zinyowe iye apeze poyambira, ndipo anasiya chiwongolero, n'kudumpha mitolo, n'kugwira nkhafi ija. Oswell sanali munthu wolandidwa chinthu m'manja. Anamuwomba mutu pamphuno, magazi n'kuthovokera pa malaya. Mordecai anabweza chibakera pakamwa, dzino la Oswell n'kugwera m'nsomba. Anagwirana pakhosi, akugubuduzana pa mitolo, bwato likupendekera uku ndi uku, mpaka Oswell anamukanikiza mlamu wake pa mlongoti n'kuyamba kumuombetsa mutu pamenepo. Edness anawalowa pakati akulira, anamenyedwa chigongono pa diso, ndipo pomaliza anamuluma mlongo wake padzanja mpaka anasiya.

Nkhafi ija inali itagwera m'madzi, ikupita kumunsi. Ndeuyo inagwedezanso mlongoti, tsinde lake n'kuzuka, moti Oswell anakwera pa mitolo n'kuukumbatira ndi manja onse kuti usawagwere. Mordecai anakwawira kumbuyo kukagwira chiwongolero, akufwenthera magazi. Mphepo sinadziwe kuti anthu akangana. Inangopitiriza kuwakankha, ziii, kulowa m'dziwe.

Oswell analavula magazi n'kuyang'ana mlongo wake. "Edness, gogoda. Mbale uli nayo m'manja."

"Amake Fridah, mukagogoda bwato ili litseguka, nsomba zonse zinyowa," anatero Mordecai. "Ndiye kuti ine ndapita."

Edness anayang'ana dziwe. Madzi anali bata, opanda khutu la mvuu ngakhale limodzi, opanda thovu. Ankadziwa bwino kuti kusaona kanthu pa Kamwala sikutanthauza kuti palibe kanthu. Anakweza mbale. Kenako anayang'ana mng'alu uja, anayang'ana mwamuna wake ndi mphuno yophwanyika, n'kuganiza za sutikesi ili pa mphambano. Dziwe lake ndi lalifupi, anadziuza choncho, mphepo ikuthamanga, tidutsa msanga. Anatsitsa mbale n'kuyamba kukapa madzi mwakachetechete. Oswell anamuitananso kawiri ndi dzina. Iye sanadzutse mutu.

Anali pakati pa dziwe pamene kamwana ka mvuu kanavuuka kudzanja lamanja. Edness atangokaona anadziwa kuti make ali kumanzere ndipo iwo alowa pakati. Sanapeze nthawi yokuwa. Madzi anaphulika, kukamwa kofiira kunatseguka pambali pawo, ndipo nsungwi za kumanzere zinathyoka ngati mapesi. Mvuu inamira, n'kubwera pansi pa bwato, n'kulinyamula. Edness anaona thanga lake likuzungulira kumwamba, kenako anali pansi pa madzi, nsomba zouma zikumugunda kumaso.

Anasambira monga anaphunzitsidwira, pansipansi, osamenya madzi, mpaka mawondo anakhudza mchenga wa pakati pa mtsinje. Oswell anali patsogolo pake, madzi ali m'chiuno, atapulumuka kale. Koma Mordecai sanaoneke. Mlongoti unali utamugwera, thanga litamukulunga, ndipo chimene chinkaoneka ndi dzanja limodzi likumenya masaka. Zaka zisanu ndi ziwiri pa nyanja ya mchere, munthu osadziwa kusambira! Sanauzepo aliyense.

Edness anamugwira mlongo wake mkono. Sananene zambiri, anangoti alongosi, alongosi, akuloza thanga. Oswell anamuyang'ana ndi maso ofiira, pakamwa pakutuluka magazi. Anatukwana mawu amene sindingawabwereze pano, anasolola mpeni wake wotumbulira nsomba, n'kubwerera m'madzi.

Anafika. Anang'amba masaka, anamukoka Mordecai ndi kolala, n'kumukankhira pa bwato limene linali litagadabuka, madzi akulitengera ku mchenga. Oswell akutembenuka kuti atsatire, mvuu inamupeza. Inamugwira m'chiuno, inamutukula m'mwamba, inamugwedeza monga galu achitira ndi nsanza, n'kumumiza. Edness anamva mafupa akusweka ali pa mchenga paja. Inamutulutsanso, Oswell akuibaya pamphuno ndi kampeni kaja, kamodzi, kawiri, mpaka inamulavula n'kupita kwa mwana wake. Madzi a pa Kamwala anafiira mpaka ku bango.

Edness analowa yekha kukamukoka. Mwendo wamanzere unali utangotsala pa khungu, ndipo m'mimba munali bowo loti dzanja n'kulowa. Anayesa kutseka ndi chitenje chake koma magazi ankadutsa pakati pa zala. Mordecai anali chapafupi, chogwada, akusanza madzi. Oswell anatembenuza mutu n'kumuyang'ana, kenako anayang'ana mlongo wake. Sanamukalipire, ndipo Edness akanakonda akanamukalipira.

"Mwamuna wako uyo," anatero. "Mtenge."

Anamwalira dzuwa lisanapendeke, nthawi imene nsomba zinayenera kufika ku doko. Asodzi amene anamva kukuwa anabwera ndi mabwato awo, akugogoda njira yonse. Panalibe nsalu yokulungira mtembo, choncho anavuula thanga lija, n'kumukulunga Oswell m'masaka amene Edness anasoka.

Pa maliro anthu onse analoza Mordecai. Ankati mlendo wabwera ndi nzeru za kunyanja kudzapha mwini mudzi, ndipo anyamata ena anafuna kumuphwanya ndi zikuni za pa siwa, akuluakulu a mpingo n'kuwaletsa. Mordecai sanadziteteze, ndipo za mbale ija sanauze munthu. Maliro atatha anagwira khasu. Ankapita kumunda m'mamawa, n'kulima munda wawo ndi wa mkazi wa Oswell womwe, manja mpaka matuza. Amene akanamuthamangitsa anali m'manda, ndipo panalibenso wina wonena za mphambano. Chimene Edness ankafuna chija anali nacho tsopano.

Koma mwamuna wake akalowa m'nyumba, iye ankatuluka. Akamva wina akugogoda bwato kumtsinje, ankakhala pansi pomwe ali. Ankamukondabe Mordecai, ndipo chimenecho ndicho chinkamunyansa kwambiri.

Mitambo ya mvula yoyamba itayamba kusonkhana, tsiku lina m'mawa Edness anatenga sutikesi ija. Anaikamo malaya atachapa, chipewa choyera, ndi mbatata zootcha za panjira. Anamanga chogwirira chong'ambika chija ndi luzi, anaisenza pamutu, n'kudutsa nayo pakati pa mudzi anthu akuona, mpaka pa mphambano ya njira ya ku Rufunsa. Mordecai anamutsatira kuchokera kumunda, khasu lili paphewa. Ataona pamene sutikesi yaikidwa, anaima. Anati akudziwa kuti analakwa, ndipo adzalima minda iwiriyo mpaka imfa ngati amulola.

"Inu simunalakwe, atate a Fridah. Mtsinje uno simuudziwa," anatero Edness. "Amene ndinkadziwa ndine, ndipo mbale inali m'manja mwanga. Ndikakuonani ndimaona chimene ndinagula ndi mlongo wanga. Sindingathe kugona nacho m'nyumba imodzi."

Mordecai anatsitsa khasu, n'kumupatsa mkazi wake, chifukwa linali la Oswell. Ananyamula sutikesi n'kuyamba kukwera chitunda. Edness anaima pamenepo akulira mpaka munthuyo anabisika m'mitengo, ndipo sanamuitane. Atatero anaika khasu paphewa n'kupita kukamaliza mizere imene inatsala m'munda wa mkazi wa Oswell.