Minsi pa Ukwati wa Stelia

Ine nyimbo sindidana nazo, koma sizinandiphikirepo ndiwo. Ndinalowa m'zimenezi chifukwa cha Stelia, mwana wanga wamkazi mmodzi yekhayo, itangotha njala ya fote naini.

Anapeza mwamuna, Benedikito, Msena amene ankasoka zovala pakhonde la sitolo ku Chifunga. Mnyamata wabwino, koma kwawo amanyamula mkazi n'kupita naye ngati agula mbuzi. Kwathu ku Ligowe mwamuna ndiye amabwera, n'kumanga pomwe apongozi aloza. Ndinawauza malume ake a mnyamatayo, a Lameki, kuti Stelia sapita kukawauka ndi dzuwa la ku Chikwawa.

"Anthu akumapiri inu mumakwatitsa ngati mukuika maliro," anatero a Lameki. "Nyimbo zanu n'zokoka ngati ng'ombe yodwala. Mwana wathu akhale pamudzi posavina?"

"Nanga mukavina?"

"Ine? Kuno?" Anaseka mpaka kutsokomola. "Mukandivinitsa ine, mayi, Benedikito amange pano."

"Ankhoswe, mwamva nonse," ndinatero msangamsanga asanameze malovu.

Vuto linali a Ezekiele, mkulu wa mpingo wathu. Ananena poyera kuti ikangolira ng'oma pa ukwatiwo, Stelia amudula mumpingo. Mwanayo anali wakwaya, analira mpaka maso kutupa. Ndiye ndinafunika kuvinitsa Msena popanda ng'oma.

Mlongo wanga Jimu anali atangobwera ku Joni. Ena amabwera ndi njinga, iye anabwera ndi galamafoni ndi chifuwa.

"Achemwali, musadandaule," anatero akusisita bokosi lake. "Mitundu yonse ili m'menemu."

A Ezekiele analola, poti mzungu wa kumishoni nayenso anali nayo.

Tsikulo titachoka kutchalitchi, Asena anafika ndi ng'oma ndi valimba, zoimbira zawo zija zamatabwa zokhala ndi zikho kunsi. Ng'oma ndinazilanda n'kuzitsekera m'nkhokwe. Valimba anaigoneka pansi pa mtengo, oimba ake atakwinya nkhope.

Jimu anapukusa galamafoni. Mbale yoyamba ya nyimbo inali ya ku Joni, magitala okhaokha. Anavina yekha ndi nsapato zake zonyezimira ngati waponda linthumbu. Yachiwiri inali ya ku Kongo. Atsikana anayamba kugwedeza m'chiuno, koma atangoona a Ezekiele anauma ngati zitsa. Yachitatu anamupatsa Mmwenye wa ku Limbe. Munali mayi woimba ndi mawu oonda, moti azakhali ena anafunsa kuti akumutsina ndani. Yachinayi inali ya malipenga a asilikali. Bambo wina amene anapita kunkhondo ya ku Bama anadzambatuka, naguba molunjika mpaka kukalowa m'munda wa nandolo.

A Lameki ankangodya nzimbe.

"Bokosi limeneli likundiona?" anafunsa. "Woimba weniweni amayang'ana mapazi a wovina. Mangani katundu wa mwana wanu, mayi."

Ndinayang'ana Stelia. Anali atazyolika, nsalu yoyera ili kumutu. Ndinapita kuseri kumene amayi a m'mudzi ankaphika.

"Tulutsani mitondo! Ikhale pabwalo pomwepo."

"Kusinja tsiku la ukwati?" anafunsa a Dailesi, akazi awo a Ezekiele.

"Inu ndiye muyambitse. Pakamwa panu ndimapadziwa."

Akazi akwathu akagwira munsi samangosinja. Ndi pamtondo pomwe timanenera amuna athu, apongozi ndi aliyense watiputa, ndipo palibe amene amakaimba mlandu nyimbo ya pamtondo. Minsi inayamba kugunda mopatsana, uwu ukakwera uwu ukutsika, di-du, di-du, nthaka n'kumanjenjemera. A Dailesi anaiponya nyimbo:

"Nkhalamba ya ku Shire, mawondo inasiya m'bwato!"

Amayi onse anavomera: "Ibwerekeni a nkhuku, ikafike kwawo!"

Bwalo lonse linafa nacho chiseko. A Lameki analeka kutafuna.

A Ezekiele anabwera akuthamanga, jekete ikuuluka. "Kodi chimenechi n'chiyani?"

"Tikusinja, abambo. Alendowa mawa adya chiyani?"

Anasuzumira mumtondo. "Mulibe kanthu m'menemu!"

Ndinatapa chimanga chodzaza dzanja n'kuponyamo. "Tsopano muli."

Oimba valimba analephera kupirira. Anaikoka, naigwira pomwe minsi inkagunda, ndipo zinalumana ngati zinakulira mudzi umodzi. A Ezekiele anathamangira komweko.

"Iyinso ndi ng'oma!"

"Ili ndi chikumba?" ndinafunsa. "Ng'oma imakhala ndi chikumba. Izi ndi nkhuni ndi zikho. Kapena mudulanso chikho chomwe mumamwera thobwa?"

Anawerama kufunafuna chikumba, mpaka anagwada. A Dailesi, osaleka kusinja, anakuwa: "Mukafuna kudula anthu muyambire ine, bambo, koma madzulo muphika nokha!"

A Ezekiele anadzuka, nasasa fumbi m'mawondo, nanena kuti akukaona ngati mbuzi zawo zalowa m'khola. Dzuwa linali likadali pamutu.

Nyimbo inafika poti nkhalamba ija ikafuna kukhala pansi amachita kuipinda anthu awiri. Apa a Lameki anataya nzimbe.

"Ine? Mawondo m'bwato? Tapatukani!"

Anavula malaya, namanga nsalu m'chiuno, nalowa. Ndinene zoona, munthu uja ankavina. Mapewa ankapita kwawo, chiuno kwake, fumbi kobo! Oimba valimba maso anali pa mapazi ake, amayi akuthamangitsa minsi, ndipo Jimu anatseka bokosi lake n'kumaomba m'manja. Ine sindinaombe. Ndinagwira ankhoswe awiri m'mikono n'kuwaimika kutsogolo kuti aone bwino.

Atatopa anadzigwetsa pamphasa, thukuta kamukamu.

"Kumeneku sikunali kuvina, mayi," anatero akupuma mwawefuwefu. "Ndimangowongola miyendo."

"Wongolaninso, a Lameki, anthu ena sanaone."

Ankhoswe a kwawo omwe anaseka, nati nkhani yatha, mnyamata amanga kuno. A Lameki anapempha kuti mwina anawo azikhala chaka kuno, chaka ku Chikwawa. Ndinati azipita pa maliro basi, ndipo azibwerako asanadye nsomba zambiri.

M'mawa mwake ndinamupatsa Benedikito nkhwangwa, n'kumulozera malo kuseri kwa nyumba yanga, pafupi poti Stelia akayetsemula ndizimva.