Zilembo Zitatu za Pachitseko

"Ine makina amandidziwa. Ndikangolowa m'chipinda, okha amayamba kugwira ntchito."

Mawuwa Tineke Brouwhuis anawamvera pawindo akuthirira maluwa. Wolankhulayo anali a Ewout Zandvliet, aneba ake a pamwamba. Womvetsera anali bambo wina wa tsidya la msewu amene anangotuluka kudzataya zinyalala, ndipo tsopano anaima chilili, thumba lili m'manja, pothawira palibe.

"Zaka makumi atatu ndikuyang'anira makompyuta a kampani ya inshuwalansi, achimwene. Modemu yatsopano ndaitanitsa ndekha, mphindi zinayi basi. Tiana ta ku kampani ya intaneti timafuna kundithandiza kulemba fomu. Ine! Ndinatiuza kuti tikathandize agogo awo."

Tineke anapitiriza kuthirira maluwa ake. Anangokumbukira kuti belu la pakhomo la a Zandvliet linafa chaka chatha, ndipo mpaka lero alendo awo amagogoda pawindo lake kuti awaitanire. Mwina belulo linali lisanauzidwe kuti mwini wake ndani.

Nyumba yawo, monga zambiri za mumzinda wa Utrecht, inali ndi zitseko ziwiri zogundana. Cha kumanzere chinali cha Tineke ndi mwamuna wake Koos, nambala 14. Cha kumanja chinkatsegukira masitepe okwera pamwamba, nambala 14 bis, kutanthauza yachiwiri, yowonjezera. Onse amene anakhalapo pamwambapo kamawuka sikanawadwalitse mutu. A Zandvliet okha, atangosamukira, anamasula pachitseko zilembo zitatu za mkuwa za bis uja n'kusiya 14 yekha ndi timabowo tisanu ndi kamodzi. Ankati munthu amene anali ndi anthu makumi anayi pansi pake sangakhale chowonjezera pa nyumba ya wina. Kuyambira pamenepo makalata awo ankagwera kwa Tineke, ndipo iye ankawalowetsa pansi pa chitseko chawo, zaka zitatu, popanda zikomo ngakhale mmodzi.

Lachitatu katoni ya modemu, kabokosi kolowetsa intaneti m'nyumba, inafika, ndipo inafikira kwa Tineke monga mwa masiku onse. Ataipereka, a Zandvliet anaitembenuza uku ndi uku.

"Simunaigwedeze, eti?"

"Ndinavina nayo pang'ono," anayankha Tineke.

Lachinayi m'mawa, 8 koloko itangodutsa, kanyali ka pa modemu yakale ya Tineke kanasanduka kofiira. Anazimitsa, anayatsa. Anazula chingwe, anawerenga mpaka makumi atatu, anabwezera. Kofiirabe.

Kwa wina zikanakhala zongosowa kanema madzulo. Koma Tineke ankayankha mafoni a chipatala cha mano cha mumzinda wa Amersfoort ali pathebulo la m'khitchini mwake, kudzera pa kompyuta. Anamulola kutero chifukwa cha Koos, amene chigwereni sitiroko mbali yakumanja sinkagwira ntchito, ndipo sakanatha kutsala yekha tsiku lonse. Anayesa intaneti ya pafoni ya m'manja, koma m'makoma okhuthalawo inkadula mawu pakati, ndipo munthu amene dzino likumuwawa sakonda kubwereza dzina lake katatu. Pofika masana abwana ake anamuimbira foni.

"Tineke, lero ndi mawa tipirira. Lolemba ngati zinthu sizikuyenda kwanuko, mudzakhale pano ngati anzanu."

Onse awiri ankadziwa kuti Lolemba sangapite. M'mawu ena, ntchito inali itatsala ndi masiku anayi.

Ataimba foni ku kampani ya intaneti anamuimbira nyimbo mphindi makumi anayi, kenako panabwera mtsikana wa mawu ozuna ngati uchi.

"Mayi Brouwhuis, apa zikuonetsa kuti munasamuka."

"Ndinasamukira kuti?"

"Zimenezo mukudziwa ndinu, mayi."

"Mwana wanga, ndikulankhula nawe ndili pampando umene ndakhalapo zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi."

"Pa nambala 14 palowa munthu watsopano, ndipo waitanitsa modemu yathu yamakono. Nyumba imodzi, modemu imodzi. Yanu yakale tazimitsa, muibweze pasanathe masabata awiri."

"Munthu watsopanoyo ndani?"

"Sindingakuuzeni. Ndi chinsinsi cha kasitomala."

"Chinsinsi chakocho ndikuchimva chikuyenda pamutu panga pano, chavala nsapato."

Mtsikanayo sanaseke, mwina malamulo salola. Anafotokoza kuti njira zilipo ziwiri. Kampani ikhoza kufufuza, zomwe zimatenga masabata atatu. Apo ayi, kasitomala watsopanoyo aimbe yekha, ndi mawu ake, anene kuti analemba adiresi yolakwika, atchule yoona. Zikatero ya Tineke ibwerera pa ola limodzi.

Tineke anagogoda chitseko cha kumanja ndi chibakera mpaka a Zandvliet anatsika, magalasi ali pamphuno.

"Mwandizimitsira intaneti."

"Ine? Yanga ikuthamanga ngati mphezi. Vuto lanu, mayi, ndi kusunga makina a nthawi ya Nowa."

"Pa fomu munalemba 14. Kampani ikuti ine ndasamuka, inu mwalowa m'nyumba mwanga. Ngati mwalowadi, mbale zili m'sinki."

"Mukuti ine ndinalakwitsa fomu? Ine, amene ndinkalemba mafomu oti ena azilemba?"

"Imbani foni imodzi yokha. Munene kuti mumakhala pa bis."

"Sindingaimbire tiana kukapepesa chinthu chomwe sindinachite. Analakwitsa ndi iwowo, afufuze."

"Masabata atatu! Lolemba ntchito indithera. Chabwino, ndibwerekeni mawu achinsinsi a intaneti yanu mpaka akonze."

A Zandvliet anamuyang'ana ngati wapempha mswachi.

"Lamulo loyamba la makompyuta, mayi: mawu achinsinsi sapatsana. Ndikadakhala wopereka chisawawa sindikadafika pamene ndinafika."

"Munafika pamwamba pa denga langa, bambo. Musaiwale."

Khosi lawo linafiira. "Tamverani. Mukandionetsa, cholembedwa, kuti cholakwa ndi changa, foniyo ndiimba, bis wanuyo ndimutchula mokweza, ndipo ndimubwezera pachitseko pano ndi manja angawa anthu akuona. Koma simudzachipeza."

"Ndamva ine," anatero mawu ena pamwamba pa masitepe. Anali Marijke, mkazi wawo, atanyamula dengu la zochapa. Chitseko chinatsekedwa mwamphamvu moti 14 uja ananjenjemera.

Lachisanu Tineke anaimbanso ku kampani kuti amutumizire fomuyo. Anamuuza kuti ndi chinsinsi cha kasitomala. Anakhala pathebulo manja ali m'mutu, kompyuta itangoti duu. Koos anali pampando wake wa pawindo, pamene ankakhala tsiku lonse kuonerera msewu. Chidwalireni mawu ankawatulutsa limodzilimodzi, ngati akuwakumba pansi.

"Katoni," anatero.

"Katoni yatani, iwe?"

Koos analoza ndi dzanja lamanzere bini ya buluu ya mapepala imene inali panja. "Dzulo. Anapinda. Bwinobwino."

Inalidi yopindidwa bwinobwino, makona onse ofanana, ntchito ya munthu amene anayang'anira anthu makumi anayi. Tineke anaizula pansi pa nyuzipepala zonyowa, theka la thupi lili m'bini, mvula ikumuwaza pamsana. Pa katoni panalembedwa E. Zandvliet, 14. Izi zokha sizikanakwana, akanati analakwitsa ndi wosindikiza. Koma m'kati munali kalata yotsimikiza oda, yobwereza zonse monga anazilemba mwini wake. Nambala ya nyumba: 14. Chowonjezera pa nambala: palibe. Ndipo m'munsi, pamene kampani imafunsa ngati pali china chofuna kunena, a Zandvliet analemba kuti: Nambala ndi 14 yekha, chonde musawonjezere kanthu.

Tineke anawerenga kawiri, kenako anaiyanika pa chotenthetsera m'nyumba.

Loweruka linali tsiku lobadwa la a Zandvliet. Tineke sanaitanidwe, koma analidziwa chifukwa kuyambira 2 koloko alendo anayamba kugogoda pawindo lake. Oyamba anawaitanira. Achiwiri anawaitanira. Achitatu atafika, anavula epuloni, anauza Koos kuti abwera posachedwa, n'kukwera nawo limodzi.

Pabalaza mipando inali itazungulira khoma monga zimakhalira, anthu khumi ndi awiri, aliyense kapu ya khofi pabondo ndi kachidutswa kamodzi ka keke. Mwini tsiku anaima pakati, dzanja lili pa modemu yatsopano yoyera mbee imene anaiika pa shelefu ngati chikho cha mpira.

"Kanema wathunthu, masekondi asanu ndi anayi," ankatero. Kenako anaona Tineke.

Tineke sanaphwanye mwambo wa kumeneko. Anazungulira bwalo lonse, kugwira chanza aliyense. "Mafuno abwino pa tsiku la alamu anu. Mafuno abwino pa tsiku la amalume anu. Mafuno abwino pa tsiku la amuna anu, Marijke." Pomaliza anafika kwa mwini wake. "Mafuno abwino, aneba. Ndabwera ndi kamphatso."

Anatulutsa kalata ija. A Zandvliet anatambasula dzanja msanga, koma mlamu wawo Sjoerd, mchimwene wake wa Marijke, woyendetsa basi wopuma pantchito amene anamvera nkhani za makompyuta pa maphwando makumi atatu, anali pafupi kuposa iwo. Anaitenga, anavala magalasi, anatsokomola, n'kuwerenga mokweza ngati ali m'tchalitchi. Atafika pa "chonde musawonjezere kanthu" anabwereza kawiri.

"Ndiye iwo sanawonjezere," anatero Tineke. "Anangochotsa ine. Lolemba ntchito indithera, ndipo ndilibe womusiyira Koos."

Azakhali ena anaika kapu pansi.

"Izi ndi zolowa m'mabini a anthu," anatero a Zandvliet. "Ndi kuba kumeneku. Kalata ya munthu!"

"Yalembedwa 14, bambo. Ine ndimakhala pa 14."

"Tikambirana Lolemba. Lero ndi tsiku langa."

"Alamu," anatero Sjoerd, "paja munati makina amakudziwani? Foni ndi makinanso. Siikulumani."

Marijke anali ataimba kale nambala. Anaika foni pakati pa thebulo, pambali pa keke, mawu ali pokweza. Nyimbo ya kampani inalira mphindi makumi awiri, ndipo palibe ananyamuka, ngakhale wopita kuchimbudzi. Kenako panabwera mnyamata.

A Zandvliet anatchula dzina lawo lonse, tsiku lobadwa, ndi ntchito yawo yakale yomwe sanafunsidwe. Ananena kuti pachitika kusamvetsetsana pa nkhani ya adiresi.

"Kusamvetsetsana kwa ndani, bambo? Ndiyenera kulemba."

A Zandvliet anayang'ana denga. Denga silinawathandize. "Kwanga."

"Chabwino. Adiresi yoona ndi iti?"

"Nambala 14."

"Imeneyo ndi yomwe tili nayo kale, bambo."

A Zandvliet ananong'ona kanthu kolowera m'kolala.

"Pepani, sindinamve."

"Bis!" Kamawuka kanamveka mpaka m'khitchini. "B, i, s. Bis! Wamva tsopano?"

"Ndamva, bambo, zikomo. Ya pa 14 ibwerera pasanathe ola. Yanu yatsopanoyo tiizimitsa pompano, chifukwa inalembedwa pa nyumba ya eni. Oda ya pa 14 bis itenga masiku asanu a ntchito. Pakadali pano muzigwiritsa ntchito modemu yanu yakale."

"Yakale anaibweza Lachinayi," anatero Marijke. "Amuna anga sachedwa pa zinthu."

"Ndiye ndi masiku asanu, mayi. Ndipo bambo, ndaona apa kuti lero ndi tsiku lanu lobadwa. Mafuno abwino."

Pa shelefu, kanyali ka chikho cha mpira chija kanaphethira kawiri n'kusanduka kofiira.

A Zandvliet anakhala pansi, akuganiza kuti zatha. Marijke analowa m'khitchini, anatsegula kabati ya masipuni, n'kubwera ndi kaenivelopu. Anakakhuthulira m'dzanja la mwamuna wake: zilembo zitatu za mkuwa ndi timisomali take tonse tisanu ndi kamodzi.

"Anthu akuona, unatero," anati Marijke. "Anthu ndi awa."

Phwando lonse linatsika masitepe, ena mbale za keke zili m'manja, n'kuima m'mbali mwa msewu pakati pa njinga. Bambo wa tsidya uja anatulukanso, ulendo uno wopanda zinyalala. Apa mpamene zinadziwika kuti m'nyumba ya munthu wodziwika ndi makina munalibe sikuludiraiva. Windo la nambala 14 linatseguka, ndipo dzanja lamanzere la Koos linatulutsa yake, ya chigwiriro chofiira.

"Mubweze," anatero Koos.

A Zandvliet anagwada pa mphasa ya pakhomo, thalauza la phwando likunyowa m'mawondo. Timabowo tinali pomwe anatisiya. Anamanga b, anamanga i, msomali umodzi unagwa n'kugubuduzikira pansi pa njinga ya Sjoerd, ndipo palibe anawerama kuwatolera. Pamene ankamanga chomaliza, Koos anagogoda galasi.

"Tineke. Kanyali. Kobiriwira."

Tineke anagwedeza mutu, koma sanalowe. Anapinda manja, anapendeka mutu, n'kuyang'ana chitseko cha aneba ake nthawi yaitali.

"S wapendama," anatero.

A Zandvliet anamasula s uja, n'kuyambanso.